Tsiku Limene Nkhuku za Aroma Zinakana Kudya

Kuseri kwa golosale ya Che Sudi pa Chonde kunali kachipinda kamene Loweruka lililonse masana kankadzaza anthu ngati muli mlandu. Munalibe zambiri. Munali makompyuta awiri akale oyang'anizana, wailesi ya kanema yopachikidwa pakhoma, ndi mabenchi a matabwa a bulugama. Pa makompyutawo pankakhala amuna awiri achikulire, a Bizwick Makawa ndi Che Ashraf Sudi eni golosaleyo, ndipo zonse zimene ankachita zinkaoneka pa kanemayo kuti aliyense aone.

Ankasewera masewera a nkhondo zamakedzana. Aliyense ankasankha mtundu wake wa anthu, n'kumanga midzi, kusonkhanitsa asilikali, kenaka n'kukakumana ndi mnzake pabwalo la nkhondo. A Makawa, amene ankaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina kufupi ndi Thuchila, sankasankha ena koma Aroma, aja a zishango ndi mikondo timawamva m'Baibulo. Che Sudi ankatenga adani awo, anthu a ku Kateji, mzinda wakale wa kumpoto kwa Africa, chifukwa amenewo ankapita kunkhondo ndi njovu. Ankati anthu a ku Kateji anali amalonda ngati iwo, ndipo wamalonda sataya mnzake.

Oonerera sankasowa. Panali Fanuel wa kabaza, amene ankatsamiritsa njinga yake pakhomo n'kuiwala kuti pamsewu pali okwera. Panali mayi Esteri, telala wa khomo loyandikana, amene ankabwera ndi nsalu m'manja n'kumasoka mipendero maso ali pa kanema. Enawo anali a mumsika, olowa ndi kutuluka. Njovu zikathamangira Aroma, phokoso lake linkamveka mpaka kutsidya kwa msewu, munthu wodutsa n'kumayesa kuli mpira.

Koma kachipindako kanali ndi wina wokafuna. Akazi a Che Sudi, mayi Ramla, ankagula nandolo kwa alimi nyengo yake ikafika, ndipo chaka ndi chaka matumba awo ankagona pakhonde, pomwe chiperoni chotsika m'phiri chinkawanyowetsa. Anali mayi woleza mtima. Anaona kuti anthu a Loweruka aja ankamaliza beseni lonse la mandasi awo, ndi zakumwa za m'firiji zomwe. Tsono anapangana ndi amuna awo kuti mabenchi akamadzaza ndipo beseni likamatha, nkhondo ipitirire. Koma anthu akadzangotha, makompyuta adzatuluka, nandolo adzalowa. A Makawa ankalidziwa bwino panganoli, pakuti analipo pamene linkapangidwa.

A Makawa ankagonja kawirikawiri, koma chimene chinkawadya mumtima sichinali kugonjako. Chinali chakuti Aroma a m'masewerawo anali abodza. Ankakwera phiri akuthamanga osapuma, sankadya, sankagona, ndipo pomenya nkhondo ankangokhamukira mdani ngati mbuzi zoona madeya. Munthu amene wakhala zaka zambiri akuuza ana kuti Aroma ankapambana chifukwa cha mwambo ndi dongosolo, zimenezi zinkamupweteka ngati kamwala m'nsapato. Tsiku lina anapeza pa intaneti kuti eni masewerawo analola munthu aliyense kutsegula m'kati mwake n'kusintha malamulo, ntchito imene odziwa amaitchula kuti modi. Kwa a Makawa zinali ngati apatsidwa kiyi wa nyumba imene akhala akuisuzumira pawindo.

Anayamba ndi zinthu ziwiri. Mabuku amati msilikali wa Chiroma ankasenza yekha chakudya chake, mphika wake ndi zokumbira zake. A Makawa anakumbukira onyamula katundu a ku Likhubula, amene anawaona pamene anapita ndi ana a sukulu kukakwera phiri: momwe amafupikitsira mapazi pamtunda, momwe amatulira katundu pamtsinje kuti mpweya ubwerere. Anakonza kuti asilikali awo azitopa chimodzimodzi, ndipo wofuna kupambana aziwapumitsa asanawaponye pamoto. Chachiwiri, anawaphunzitsa kuima mothithikana, zishango zina kutsogolo, zina pamwamba pa mitu, gulu lonse n'kukhala ngati kamba amene wabisa mutu, mivi n'kumangogwera pachigoba.

Loweruka loyamba kusewera ndi malamulo atsopanowa anthu sanaliiwale msanga. Kamba uja atayamba kukwawa kulunjika kwa oponya mivi a Che Sudi, mayi Esteri anadzibaya ndi singano osamva. Fanuel anaima pabenchi. Che Sudi anagonja, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa chawo, ndipo anati tsopano apeza mdani woti n'kumuganizira sabata yonse. Mbiri inawanda pamsika. Loweruka lotsatira ena anaonera pawindo, ndipo mayi Ramla anakazinga mandasi kawiri.

A Makawa atafika kwawo ku Thuchila anafotokoza zonse kwa akazi awo, mayi Lizzie, amene anali kusenda chinangwa pakhonde. Anawaonetsanso mulu wa mabuku umene anali atautsitsa pashelefu, n'kunena kuti zimene achitazi ndi chiyambi chabe.

"Bambo a Madalo," anatero mayi Lizzie osakweza mutu, "ndiwo zikakoma sathiramonso mchere."

A Makawa anangoseka. Anati mchere ndi mchere, koma choonadi sichichuluka.

Ndipo anapitiriza. Anawerenga kuti Aroma akakhala paulendo sankagona pamtetete. Madzulo aliwonse ankakumba ngalande, kuunjika dothi, kuzika zikhomo zosongoka, n'kumanga msasa wonga mudzi, m'mawa n'kuuphwasula. Chimenechi chinawakomera kwambiri, anachiika. Anawerenga za ngolo za tirigu zimene zinkatsatira asilikali, ndipo anakonza kuti gulu lisamapite patali ngolozo zisanafike. M'masewerawo tsiku linkatha m'mphindi zochepa, koma tsopano theka la mphindizo linkathera pokumba ndi podikira. Oonerera anapirira. Ena ankati tiyeni tione, aphunzitsi akudziwa chimene akuchita. Koma amene ankaonera pawindo aja sanabwerenso.

A Makawa anaona kuti anthu achepa, koma anaganiza kuti chawachepetsa n'chakuti Aroma awo sanakwanebe. Munthu akasochera ali ndi chikhulupiriro amawonjeza liwiro. Anaika lamulo lakuti Aroma ankasankha atsogoleri awiri nthawi imodzi, ndipo akakhala kunkhondo limodzi ankasinthana ulamuliro, lero uyu, mawa uyo. Mmodzi anamupanga wolimba mtima, winayo wochenjera mwamantha, kotero kuti pa tsiku la wamanthayo asilikali sankatuluka mumsasa ngakhale mdani atavina pakhomo. Kenaka anapeza kuti asilikali a nthawi imeneyo anali alimi, ndipo nyengo yokolola ikafika mitima yawo inkakhala kuminda. Ichi chinawakhudza mtima, pakuti chinawakumbutsa ana awo a sukulu amene amasowa m'kalasi nyengo ya ntchito za kumunda. Anachiikanso: zokolola zikacha, theka la gulu lizibwerera kwawo.

Benchi yakumbuyo inayamba kukhala yopanda munthu. Kenaka yapakati inatsala ndi anthu owerengeka. Kuminda nandolo anali atayamba kuuma, makoko ake akulira ndi mphepo, ndipo mayi Ramla anayamba kuyang'anayang'ana sikelo yawo. Sanakalipe. Anangouza amuna awo kuti Loweruka likubweralo adzaona beseni, ndipo beseni ndilo lidzayankhe.

Pakati pa sabata Che Sudi anasiyira akazi awo golosale n'kukwera minibasi mpaka ku Thuchila. Anapeza a Makawa atangoweruka kusukulu, choko chidakali m'zala, laputopu ili pamiyendo. Asanafotokoze chimene abwerera, a Makawa anawakoka dzanja kuti aone chinthu chatsopano. Pa sikirini panaoneka kakhola, ndipo munthu wovala mkanjo anatsegula kachitseko n'kumwaza chakudya pansi. Munatuluka nkhuku. A Makawa anafotokoza kuti Aroma asanayambe nkhondo ankafunsa milungu yawo kudzera mwa nkhuku zopatulika. Zikadya mwaphuma, nkhondo iyenda bwino. Zikakana, ndiye kuti milungu yakana. Anali atatha masiku akukonza kuti nkhukuzo zizigwedeza mitu ngati zenizeni, akuonera za mayi Lizzie pabwalo.

Che Sudi anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anafunsa kuti nanga zikakana kudya chimachitika n'chiyani. A Makawa anayankha kuti zikakana ndiye kuti zakana, asilikali adikire mawa, monga ankachitira Aroma enieni. Apa Che Sudi analeka kuseka. Anafotokoza mawu a mayi Ramla, n'kupempha mnzawoyo kuti Loweruka limeneli lokha abwezeretse masewera aja a kamba, amene anthu anawakonda, zinazi aziona pambuyo.

"Ndichotse chiti, Che Sudi?" anafunsa a Makawa. "Mundilozere chimodzi chimene chili chabodza."

"Chabodza palibe, aphunzitsi. Zonse n'zoona, ndipo zonse n'zokoma. Komatu ngakhale ine m'golosale muja sindiika katundu yense pakauntala. Wogula angasowe poika chigongono."

A Makawa anabweza maso awo ku nkhuku zija. Anati anthu akadzangoziona adzaitana ndi anzawo omwe, ndipo mayi Ramla adzafunika mabeseni awiri. Anawonjeza, ngati nkhani yaing'ono, kuti masewera akale aja sanawasunge padera. Chatsopano chilichonse ankachilemba pamwamba pa chakale, monga munthu amene amabzala mbewu ina pamzere womwewo. Che Sudi anamwa tiyi wawo, anathokoza mayi Lizzie, n'kubwerera ku Chonde. M'njira anaganiza kuti ngati sangasinthe mnzawo, asinthe chiwerengero cha anthu. Anayenda mumsika monse akuitana aliyense, akuti Loweruka kuli Aroma enieni, amene sanaonekepo chiyambire.

Anthu anabweradi. Mabenchi anadzaza, pawindo panali mitu, ndipo mayi Ramla anaika beseni lawo pakhomo atalivundikira ndi nsalu yoyera. Magulu awiri aja anayandikizana m'chigwa, mtsinje uli pakati. Aroma anakumba ngalande yawo, nazika zikhomo, ndipo anthu anadikira mwaulemu. M'mawa mwake mwa m'masewera munthu wa mkanjo uja anatulukira ndi kakhola kake. Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Fanuel anafunsa ngati zili za mazira kapena za nyama. A Makawa anayang'ana Che Sudi ndi diso lakuti mwaonatu.

Nkhuku zinatuluka, zinayang'ana chakudya, zinatembenuka n'kubwerera m'khola.

Anthu anasekanso, ndipo a Makawa anafotokoza monyadira tanthauzo lake. Asilikali anakhala pansi, dzuwa la m'masewera linalowa. Tsiku lotsatira nkhuku zinadya bwino lomwe, koma linali tsiku la mtsogoleri wamantha uja, ndipo anakana kutsegula chipata. Tsiku linzake linali la wolimba mtima, koma ngolo za tirigu zinali zisanafike. Zitafika, nkhuku zinakananso. Kuseka kunayamba kuchepa ngati mvula yomwe ikukata.

Che Sudi anayesa kupulumutsa zinthu. Anawolotsa njovu zawo mtsinje kuti akaputire Aroma mumsasa momwemo. Koma ngalande ija a Makawa anaikumba moona kwambiri. Njovu zinafika m'mphepete, zinanunkhiza zikhomo, zinaima. Kulowa sizinathe, ndipo Aroma kutuluka sanathe. Magulu awiri otchuka a dziko lakale anangoyang'anizana ngati apongozi okumana panjira yopapatiza.

Wina kumbuyo anafunsa ngati bawo yayamba pansi pa mtengo wa mango. Awiri anatuluka, kenaka atatu. Fanuel anamva munthu akuitana kabaza pamsewu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire masewerawa anamumva bwinobwino. A Makawa anali thukuta kamukamu, akudina mabatani amene iwo eni anawatsekera mphamvu. Anadziuza kuti tsiku lotsatira zonse zigwirizana: mtsogoleri wolimba mtima, tirigu alipo, nkhuku zokha zidye. Tsikulo linafika, nkhuku zinadya mpaka kukanda pansi, chipata chinatseguka. Pomwepo lipenga linalira, ndipo pa kanema panalembedwa kuti zokolola zacha. Theka la Aroma linatula zishango, linasenza akatundu awo, n'kuyamba ulendo wa kumudzi. Otsalawo anachepa moti lamulo lina la a Makawa lomwe linawabweza mumsasa.

Mayi Esteri anapinda nsalu yawo mosamala, nabaya singano pakolala ya bulauzi.

"Aphunzitsi, ine ndinabwera kudzaona nkhondo," anatero mofatsa. "Koma ndaona kukumba ngalande, kuweta nkhuku ndi kukolola. Zimenezitu kwathu ziliko."

Anatuluka, ndipo otsala aja anawatsatira. M'kachipindamo munatsala amuna awiri ndi njovu zoima pangalande. Palibe mkondo ngakhale umodzi umene unaponyedwa tsiku limenelo.

Potuluka, a Makawa anapeza mayi Ramla atakhala pampando pafupi ndi beseni lawo. Nsalu yoyera ija inali itangopindidwa mbali imodzi. Mayiwo sananene za pangano. Anatenga pepala, anakulungamo mandasi ambiri ndithu, n'kupereka ndi manja awiri.

"Mukawapatse mayi a Madalo. Asaonongeke."

A Makawa analandira, ndipo phukusilo linawalemera kuposa mawu aliwonse amene akanauzidwa. M'minibasi yobwerera ku Thuchila anakhala atalifungatira, akuyang'ana phiri limene linali litavala mtambo kumutu. Anafufuza mumtima mwawo munthu woti amukwiyire, koma sanamupeze. Nkhuku anaziika okha, atsogoleri awiri anawasankha okha, ngalande anakumba okha.

Sabata yotsatira, ataweruka kusukulu, anapita ku Chonde osaitanidwa. Anathandiza Che Sudi kumasula mawaya ndi kutsitsa kanema pakhoma, kenaka anavula jekete n'kuthandiza kulowetsa matumba oyamba a nandolo. Mayi Ramla anawaletsa, akuti ntchito imeneyi si ya aphunzitsi, koma iwo anati amene anatsegulira nandolo chitseko ndi iwo, tsono ayenera kumulandira. Matumba atasanjidwa, kachipindako kanaoneka ngati kanamangidwira ntchito imeneyo kuyambira kale, ndipo a Makawa anavomereza mumtima kuti nandolo wakhalamo bwino kuposa Aroma.

Makompyuta aja analibe kopita, ndipo anali mayi Lizzie amene anati abwere nawo ku Thuchila, khonde ndi lalikulu, waya wa magetsi udzera pawindo. Kumeneko a Makawa anayamba ntchito imene inawavuta kuposa yoyamba ija: kuchotsa. Zinali ngati kupatulira chimanga, pamene umazula mbewu yabwinobwino, yobiriwira, yopanda chilema, chifukwa chakuti phando limodzi silingalere zonse. Anachotsa atsogoleri awiri aja n'kusiya mmodzi. Anachotsa ulendo wokakolola, ngakhale dzanja linazengereza. Ngolo za tirigu anazifupikitsira njira, ngalande anaichepetsa kuti njovu yolimba mtima ithe kuwoloka. Chilichonse chimene ankachotsa ankachisunga padera tsopano, n'kumati mwina chidzagwira ntchito m'kalasi, kumene ana sathawira ku bawo. Kutopa kwa pamtunda sanakuchotse, kamba sanamuchotse. Atafika pa nkhuku anaimbira foni Che Sudi kuwauza kuti nazonso zikupita, koma Che Sudi anakana. Anati nkhuku zisachoke, anthu anaziseka ndi mtima wonse. Chofunika n'chakuti zizilangiza, zisamalamule. Tsono a Makawa anakonza kuti zikakana kudya asilikali azichita mantha pang'ono, koma mtsogoleri akati tiyeni, azipita.

Loweruka lina Che Sudi anafika ku Thuchila atakwera kabaza ya Fanuel, amene ananena kuti popeza wafika kale, kubwerera wopanda wokwera n'kuononga matayala, ndi bwino adikire. Panabweranso aphunzitsi anzawo awiri ndi anansi angapo amene anakhala pamkeka. Sanali anthu ambiri ngati a pa Chonde, ndipo mayi Esteri sakanatha kusiya makina awo kubwera kutali chonchi. Mayi Lizzie anaphika chinangwa ndi tiyi. Nkhuku zawo zinkayendayenda pansi pa tebulo zikutola nyenyeswa.

Magulu anakumana m'chigwa chomwe chija. Munthu wa mkanjo anatsegula kakhola, nkhuku zinatuluka, zinayang'ana chakudya, n'kutembenuka. Onse anayang'ana a Makawa.

"Zikhuta zokha zimenezo," anatero a Makawa. "Ife tapita."

Chipata chinatseguka, kamba anatuluka akukwawa, njovu zinaliza malipenga awo, ndipo Fanuel anaima pampando wa mayi Lizzie mpaka anachita kumutsitsa. Nkhondo inali yoopsa, yokoma, ndipo a Makawa anagonja pang'ono pokha, chifukwa asilikali awo anali ndi mantha a nkhuku zija. Anaseka, napempha kuti abwereze.

Kachipinda ka pa Chonde sikanabwererenso. Nandolo atagulitsidwa munalowa chimanga, chimanga chitatha munalowa zina, ndipo mayi Ramla anaikapo loko watsopano. A Makawa akamadutsa pamenepo amapereka moni, amagula mandasi, n'kusuzumira pang'ono pawindo limene kale linkadzaza mitu ya anthu. Sadandaula, pakuti khonde la ku Thuchila lili ndi mphepo yabwino ndipo mnzawo sanawataye. Koma akapeza chinthu china chokoma m'mabuku awo, dzanja likayamba kuyabwa, amayamba afunsa Che Sudi, n'kuchiyesa chokha Loweruka limodzi. Anaphunzira atataya chipinda chathunthu kuti nthambi iliyonse ikhoza kukhala ndi chipatso chakupsa, koma manja ndi awiri okha, ndipo limodzi liyenera kugwira mtengo. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.